Mwanabere wosamva mankhwala a TB

Palibe munthu wa ku Lirangwe kapena ku Chileka amene sadziwa mwanabere. Mwana akapunthwa chala popita kusukulu, bala n'kutukusira, mawa lake amadzuka akutsimphina chifukwa kam'bulu katuluka mphechepeche. Dzino likabooka, kena kamatuluka m'munsi mwa chibwano. Amayi amathowapo ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, bala likapola nako kamaphwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Makolo athu sanalakwitse pamenepa. Anabere ochuluka zedi ndi otero, amabwera ndi chifukwa chooneka ndi maso, chifukwacho chikachoka nawonso amachoka.

Koma alipo mwanabere wina wosatsata mwambo umenewu. Amatuluka m'khosi popanda bala, popanda dzino lopweteka. Pakapita masabata mnzake watuluka m'khwapa, wina mphechepeche. Sawawa, ndiye mwini wake satekeseka naye msanga. Chimene chimamunyamula munthu kupita kuchipatala ndi zina: thupi kutentha madzulo, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kufooka mpaka khasu kulemera, thalauza kuyamba kukhwepa m'chiuno. Aliyense amene anagwirapo ntchito pachipatala chaching'ono m'dziko muno akamva zimenezi, choyamba kumubwerera m'mutu ndi TB. Nthawi zambiri amakhala walasa. Koma mwa odwala otere mumakhala ochepa amene TB ilibe nawo mlandu, ndipo amenewa amamwa mapiritsi awo mokhulupirika miyezi isanu ndi umodzi, pamene nthenda yeniyeni ikuwadya m'kati.

Anabere pawokha si matenda. Ndi tiziwalo timene munthu aliyense amabadwa nato, mazana angapo, tomwazikana m'khosi, m'khwapa, m'chifuwa, m'mimba ndi mphechepeche. Timadzi timene timayenderera m'minofu timadutsa m'menemo tisanabwerere m'magazi, ndipo tiziwaloti timachita ngati rodibuloko ya pa Zalewa: chodutsa chilichonse chiime chifufuzidwe, chokayikitsa chitsale. Ogwira ntchito imeneyi ndi maselo oyera a magazi. Kachirombo kakalowa, maselowo amaswana mofulumira kuti alimbane nako, ndipo kuswanako ndiko kutupa kumene timakukhudza ndi zala. Khansa yotchedwa lymphoma imayamba maselo omwewa akayamba kuswana osalekeza, mdani kulibe. Chotupa chimaonekera m'khosi, koma poti maselo ake ndi a magazi, madokotala amaiwerengera m'gulu la khansa za m'magazi pamodzi ndi leukemia.

Pakati pa mwanabere wamba ndi khansa pali matenda angapo osowa, amene sali uku sali uko. Woyenera kuti ife kuno timudziwe bwino ndi matenda a Castleman. Dzinali ndi la Benjamin Castleman, dokotala wopima minofu pachipatala cha Massachusetts General mumzinda wa Boston ku America, amene analongosola wodwala woyamba mu 1954, kenako gulu la odwala mu 1956. Iye anaona anthu okhala ndi chotupa chimodzi chachikulu m'chifuwa. Mtundu umenewo, wa malo amodzi, ndi wofatsa ndithu: dokotala wa opaleshoni akachichotsa chonse, ambiri amachira kotheratu. Patapita zaka ndi pamene anazindikira kuti ulipo mtundu wina wogwira malo ambiri nthawi imodzi, wotupitsa anabere thupi lonse, kapamba ndi chiwindi, wotha magazi, wotupitsa miyendo, wodzaza madzi m'mimba ndi m'chifuwa. Umenewu ndi wakupha.

Chiyambi chake chinadziwika mochedwa. Mu 1994 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Columbia ku New York, Yuan Chang ndi Patrick Moore, anapeza kachirombo koyambitsa khansa yapakhungu ija ya Kaposi, imene tinaiona kwambiri kuno zaka za Edzi zitafika pachimake, ya zigamba zakuda m'miyendo ndi m'kamwa. Kachiromboko anakatcha KSHV, ena amati HHV-8. Chaka chotsatira, 1995, madokotala a ku France anakapeza kachirombo komweko m'anabere a odwala Castleman wa malo ambiri, makamaka amene analinso ndi HIV. Kamalowa m'maselo oyera otchedwa B, n'kumatulutsa mankhwala ake ofanana ndi amene thupi limagwiritsa ntchito poitana chitetezo, otchedwa IL-6. Thupi limangomva kuitana kosatha, limatentha, limatupa, limadzidya lokha.

Tsono kachirombo kameneka kuno si kachilendo. Ku Ulaya ndi ku America n'kosowa, koma m'chigawo chathu chino cha Africa kali ponseponse, ndipo kafukufuku wa m'Malawi anapeza kuti mwa akuluakulu amene anayezedwa, theka kapena kuposerapo anali nako. Kamafala kwambiri kudzera m'malovu, ambiri amakatenga ali ana pakhomo pa makolo awo. Ndanena dala zimenezi kuti pasakhale wolozana chala m'banja, chifukwa palibe chiwerewere chimene tingachinamizire pano. Unyinji wa anthu amakhala nako moyo wonse osadwala ngakhale tsiku limodzi. Kamadzuka chitetezo cha m'thupi chikasokonekera, ndipo chosokoneza chachikulu kwathu kuno ndi HIV. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti pafupifupi 9 mwa akuluakulu 100 alionse ali ndi HIV, ndipo chigawo chakumwera, Blantyre ali m'kati, ndicho chili pamwamba. Tizirombo tiwiri timeneti tikakumana mwa anthu ochuluka chonchi, matenda amene mabuku akunja amawatcha osowa sangasowe kwenikweni m'midzi ya kwa Kuntaja kapena m'mbali mwa njanji ya ku Lirangwe.

Nanga mantha a khansa akuchokera pati? Mu 2002 gulu la Eric Oksenhendler ku Paris linafalitsa zimene linaona pa odwala 60 amene anali ndi HIV pamodzi ndi Castleman wa malo ambiri. Mwa iwo, 14 anadzadwala lymphoma. Powerengera, chiopsezo chawo chinaposa cha anzawo a HIV yokha maulendo pafupifupi 15. Maselo aja amene kachirombo kakuwakankha kuti aziswana, limodzi mwa iwo limadzapulumuka m'manja mwa thupi, n'kuyamba mtundu wakewake wosamvera lamulo. Khansa yotuluka pamenepa ndi yaukali, ina imamera m'anabere momwemo, ina imayandama m'madzi odzaza m'chifuwa kapena m'mimba popanda chotupa chogwirika. Komabe tisaiwale kuti Castleman weniweniyo amatha kupha munthu khansa isanafike n'komwe, mwa kumutha magazi ndi kufooketsa ziwalo.

Kwa zaka zambiri matendawa sankalembedwa m'mabuku a zipatala zathu. Zinthu zinasintha ku Lilongwe. Mu 2011 pachipatala cha Kamuzu Central anatsegula labotale yopimira minofu mothandizana ndi UNC Project ya yunivesite ya North Carolina ku America, ndipo mu 2013 anayamba kalembera wa odwala onse a matenda a anabere, motsogozedwa ndi Dr Satish Gopal. Tinyama todulidwa kwa odwala tinkaunikidwa ku Lilongwe, zithunzi zake n'kumakambidwa pa intaneti ndi akatswiri a ku North Carolina. Pofika 2015 anafalitsa za odwala 6 a Castleman. Mu 2019 lipoti lotsogozedwa ndi Dr Tamiwe Tomoka, mayi woyamba wa ku Malawi kukhala katswiri wopima minofu, linafotokoza za odwala 22. Matendawa sanagwe kumwamba mu 2013. Analipo kale, chimene chinabwera ndi diso lowaona, pamodzi ndi utoto wapadera wotchedwa LANA umene umaonetsa kachirombo kaja m'kati mwa selo.

Zimene anapeza ku Lilongwe n'zimene zimandisowetsa mtendere ndikaganiza za kwathu kuno. Odwalawo sanali anthu othawa mankhwala. Ambiri anali pa ma ARV kwa zaka, tizirombo ta HIV m'magazi mwawo titatsika mpaka kusaoneka, chitetezo chawo chili bwino ndithu. Ndipo ambiri anali atamwetsedwa kale mankhwala a TB popanda umboni woti TB ilipo. Khansa ya Kaposi inachepa ma ARV atafala, koma Castleman sanachepe nawo. Dziko lathu linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, ndipo lero anthu oposa 900,000 akumwa mankhwalawa. Ndi chipambano chachikulu, makolo amene tikanawaika m'manda akulera zidzukulu. Koma ndiye kutinso gulu la anthu amene matendawa amawakonda likukulirakulira.

Tiyerekeze bambo wa zaka za m'ma 40, mlimi wa chimanga ndi nandolo cha kuseri kwa Lirangwe. Sanaphonyepo tsiku lokatenga mankhwala. Akuyamba kutentha thupi, ayezedwa malungo, sapezeka. Apatsidwa mapiritsi opha tizirombo, patapita sabata ziwiri apezako bwino. Apa ndi pamene matendawa amanamiza anthu, chifukwa amabwera n'kupita okha, ndiye chilichonse chimene munthu wamwa masiku amenewo chimaoneka ngati chagwira ntchito, kaya ndi mapiritsi, kaya ndi mizu ya asing'anga, kaya ndi madzi odalitsidwa. Mwezi wotsatira zabwereranso, tsopano ndi anabere m'khosi. Makhololo ayezedwa pa makina a GeneXpert, TB sipezeka, koma poti TB ya m'anabere kawirikawiri sionekera m'makhololo, amuyambitsa mankhwala. Kumudzi ayamba kunong'ona kuti mwina bambowa anasiya mankhwala aja mobisa. Ena akuti pali dzanja la munthu, mphini zatemedwa pachotupa. Mkazi wake wagulitsa mbuzi. Miyezi ikupita.

Zimenezi si nthano yongopeka. Mu 2016 Dr Leo Masamba ndi anzake a kuchigawo cha khansa pachipatala cha Gulupu, Queen Elizabeth Central, anafalitsa kafukufuku wa odwala 34 amene anayamba alandira mankhwala a TB asanapezeke kuti vuto lawo ndi khansa. Ambiri anali a lymphoma, ndipo kuchedwa kwake kunali kwa miyezi pafupifupi isanu. Pa khansa yothamanga, miyezi isanu ndiyo imalekanitsa wochira ndi wongopatsidwa mankhwala ochepetsa ululu ku kiliniki ya Tiyanjane pa Gulupu pomwepo.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kukanyoza adokotala a pachipatala cha kwawo. Munthu amene akuona odwala mzere wofika panja, wopanda makina ounikira m'thupi, wopanda wopima minofu pafupi, akaganiza za TB poyamba wachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo wapulumutsa miyoyo yambiri potero. TB ya m'anabere ndi yofala kutalitali kuposa lymphoma, nanji Castleman. Kuyambitsa mankhwala a TB mongoganizira si tchimo. Vuto lili pa funso lachiwiri limene silifunsidwa. Munthu amene alidi ndi TB akayamba mankhwala, pakatha masabata angapo kutentha thupi kumatsika, chilakolako cha chakudya chimabwerera, sikelo imayamba kukwera. N'zoona kuti anabere a TB nthawi zina amayamba atupirapo asanaphwe. Koma ngati miyezi iwiri yatha munthu akunka naonda, magazi akutha, kapamba watupa, apo pafunika kuima n'kufunsa ngati tikulimbana ndi mdani woyenera. Ambiri amangouzidwa kuti malizani kaye mankhwala tione.

Yankho lenileni lili m'kanyama. Palibe kuyeza magazi kumene kungatsimikize Castleman kapena lymphoma. Ngakhale kubaya chotupa ndi singano n'kukoka timadzi, njira imene imathandiza kwambiri kupeza TB, kawirikawiri sikukwanira pano, chifukwa wopima minofu amafuna aone mmene mwanabere yense wamangidwira m'kati. Pamafunika opaleshoni yaing'ono yochotsa mwanabere mmodzi wathunthu, nthawi zambiri munthu ali maso, atangobayidwa jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo. Alipo ambiri amene amakana, amati chotupa chikalawa mpeni chimalusa n'kufalikira. Chikhulupiriro chimenechi chili ndi pochokera: anthu anaona abale awo akudulidwa matenda atafika kale patali, n'kumwalira posakhalitsa, mlandu n'kugwera mpeni. Koma kudula kanyama sikufalitsa lymphoma. Chimene chinapha abale athuwo ndi miyezi imene inatayika asanafike pampeniwo.

Chenjezo lina ndi la mapiritsi a prednisolone, amene ena amagula okha m'mafamase ndi m'magolosale akamva kuti amaphwetsa zotupa. Amaphwetsadi, kwa kanthawi. Koma amasungunula maselo amene wopima minofu akufuna kuwaona, moti kanyama kakadulidwa munthu atamwa mapiritsiwa, zotsatira zimatha kutuluka zosamveka, ulendo n'kuyambiranso.

Ulendowo pawokha si wapafupi. Boma la Blantyre lilibe chipatala chakechake cha boma ngati mmene alili maboma ena, choncho wodwala wa ku Chileka, Lirangwe, Mdeka kapena Lundu akatumizidwa, amalunjika ku Gulupu, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chimalandiranso odwala ovutikitsitsa a chigawo chonse chakumwera. Pa Lunzu pali chipatala cha mishoni cha Mlambe, koma n'cholipira. Kuchokera ku Chileka kufika m'tauni ndi makilomita pafupifupi 16, kuchokera ku Lirangwe ndi oposa 30 pamsewu wa M1, osawerengera kabaza wochokera kumudzi kufika pamsewu. Pamapu ndi pafupi. Koma ulendo wake si umodzi: lero kukaonana ndi dokotala, tsiku lina kukadulidwa, lina kukafunsa zotsatira n'kumva kuti sizinatuluke, lina kukafunsanso. Ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri, wodwala ndi womudikirira, ndipo kumunda kwatsala opanda munthu. Akatswiri opima minofu m'dziko muno ndi owerengeka, tinyama todikira diso lawo ndi tambirimbiri. Anthu ambiri amatayika pakati penipeni pamenepa, kanyama kadulidwa, zotsatira zatuluka, koma mwini wake ndalama ya minibasi inamuthera, ali gone kumudzi.

Si mwanabere aliyense wosowa amene amatsogolera ku khansa, ndipo ichi n'chifukwa china chodulira kanyama, pakuti nthawi zina kamabweretsa uthenga wabwino. Matenda a Rosai-Dorfman, amene Juan Rosai ndi Ronald Dorfman anawalongosola mu 1969, amatupitsa khosi mbali zonse ziwiri mochititsa mantha, makamaka kwa ana ndi achinyamata, ndipo amapezeka kwambiri mwa anthu akuda. Ambiri amaphwa okha pakapita nthawi. A Kikuchi, odziwika kuyambira 1972 ku Japan, amakonda amayi achitsikana, amabwera ndi kutentha thupi ndi anabere owawa m'khosi, n'kutha okha m'miyezi yochepa. Munthu wotere akapanda kupimidwa bwino amamwa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi pachabe. HIV nayo payokha imatupitsa anabere ang'onoang'ono mbali zonse, osavulaza.

Kwa ana nkhani imathamanga kwambiri. Khansa ya Burkitt, imene Denis Burkitt anailongosola ku Uganda mu 1958, imatupitsa nsagwada, diso kapena mimba m'masiku owerengeka, ndipo imakonda madera a malungo ngati athu ano a kufupi ndi Shire. Kuwodi ya ana ku Gulupu, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anaonetsa kwa zaka zambiri kuti ana ochuluka amachira ndi mankhwala a masabata ochepa, akafika msanga. Mwana wotupa tsaya, mano n'kuyamba kugwedera, si wodikira naye kuti tione mawa.

Kwa wodwala Castleman wa kachirombo kaja, mankhwala alipo, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imapweteka kwambiri. Dzina lake ndi rituximab, wolowa m'thupi kudzera m'diripi kamodzi pa sabata kwa masabata anayi. Amasesa maselo a B, amene kachiromboko kamabisalamo. Pachipatala cha Chelsea and Westminster ku London, gulu la Mark Bower linapeza kuti mwa odwala olandira mankhwalawa, 9 mwa 10 alionse anali moyo patatha zaka zisanu. Ku Paris, lipoti la 2012 linaonetsa kuti mwa olandira rituximab, lymphoma ija inasanduka yosowa kwambiri poyerekeza ndi amene sanalandire. Ali ndi vuto lake, amatha kudzutsa khansa ya Kaposi mwa amene ali nayo kale, n'chifukwa chake otere amawaphatikizira mankhwala ena. Ku Lilongwe odwala oyambirira aja ankalandira etoposide, poti ndi amene analipo. Ankapezako bwino, koma akangosiya matenda ankabwerera. Bungwe la WHO linaika rituximab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015, mitundu yake yotsikirapo mtengo inayamba kupangidwa, ndipo kafukufuku wa ku Kamuzu Central wofalitsidwa mu 2021 anaonetsa kuti mankhwalawa angaperekedwe bwinobwino kwa odwala lymphoma m'chipatala cha boma cha kuno, a HIV omwe. Chotsala ndi chakuti azipezeka m'nkhokwe za mankhwala mosadukiza, osati pokhapokha pakakhala kafukufuku kapena wodwala wa m'thumba molemera.

Kwa mwini thupi, zoyang'anira si zambiri. Mwanabere amene watha mwezi osaphwa, wamkulu kuposa nsonga ya chala chachikulu, wolimba, wosawawa, makamaka wa pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi kapena wotuluka malo angapo, ndi wopita naye kuchipatala ngakhale munthu akumva bwino. Amene ali pa mankhwala a TB asawasiye yekha, zimenezo n'zoopsa. Koma ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, adokotala, TB imeneyi inapezeka poyeza kapena tikungoiganizira, nanga ndikapanda kusintha tidzatani? Yankho lilembedwe m'buku lake la kuchipatala, pamodzi ndi sikelo ya mwezi uliwonse. Akadulidwa kanyama, asachoke asanalembetse nambala ya kanyamako, tsiku lodzamva zotsatira, ndi foni ya munthu amene angapezeke.

Mbali yaikulu ili kwa oyendetsa zaumoyo m'boma lino, ndipo sikufuna nyumba yatsopano. Aliyense woyambitsidwa mankhwala a TB ya m'anabere popanda umboni aziikidwa chizindikiro m'kaundula, kuti pakutha pa miyezi iwiri wina amugwire khosi, amukweze pasikelo, amuyeze magazi, ndipo ngati sizikuyenda alembedwe kalata yopita kukadulidwa kanyama tsiku lomwelo. Ogwira ntchito kumakiliniki a ma ARV, amene amawadziwa odwala awo ndi mayina, auzidwe kuti munthu wa tizirombo tosaoneka m'magazi akamatentha thupi mobwerezabwereza, magazi n'kumatha, asafulumire kumukayikira kuti akudumphitsa mankhwala. Alangizi a zaumoyo amadziwa khomo lililonse m'dera lawo, angathe kulondola amene zotsatira zake zatuluka koma iye sanabwere. Njinga zamoto za Riders for Health zimazungulira kale m'zipatala zing'onozing'ono kunyamula magazi ndi makhololo okayezedwa, n'kubweretsa mayankho. Pepala la zotsatira za kanyama lingakwere njinga zomwezo kuchoka ku Gulupu kupita ku Lirangwe, m'malo moti munthu wotha magazi akwere minibasi kachitatu kukalifunafuna.